Mabawuti omangira sampu pa injini zakale: Grade 8, stainless kapena masitadi?

Kamwendo350:
Moni nonse pagulu pano. Injini ndi Chevrolet 350 ya 1972, buloko yachitsulo, sampu yake (beseni la oyilo la pansi pa injini) ndi yoyambirira ija ya chitsulo chopyapyala. Mabawuti amene achokapo ndi osakanikirana: ena mitu inadyeka, ena ndi aatali kuposa anzawo, ndipo awiri akuoneka kuti si a injini imeneyi n'komwe. Pogula ena ndisankhe ati? Grade 8 kuti alimbe, a stainless kuti asachite dzimbiri, kapena masitadi (mabawuti opanda mutu, a mazinga mbali zonse ziwiri) ndi manati? Nanga kumanga kwake kufike pati?

Mazinga:
Takulandirani achimwene. Musanafike pa grade kapena stainless, yambani ndi mazinga, chifukwa apa m'pamene buloko imaonongekera. Pa small block ya Chevrolet ya zaka zimenezo mabawuti a sampu alipo 18. A m'mbali alipo 14 ndipo ndi 1/4-20, kutanthauza kuti kunenepa kwake ndi kota ya inchi ndipo pa inchi iliyonse pali mazinga 20. Anayi otsalawo ndi a m'makona, awiri kutsogolo pafupi ndi timing cover, awiri kumbuyo pafupi ndi rear main cap, ndipo ndi okulirapo, 5/16-18. Onse ndi UNC, mtundu wa mazinga akuluakulu oyezedwa pa inchi.

Awiri achilendowo muwayeze ndi sipanala. Bawuti ya 1/4 imafuna 7/16, ya 5/16 imafuna 1/2. Ngati mutu wake ukugwira sipanala ya 10, mwina wina analowetsamo bawuti ya metric ya M6. Zimenezi zimachitika kawirikawiri chifukwa M6 ndi 6 mm pamene kota ya inchi ndi 6.35 mm, ndiye pamaso zimafanana. Koma mazinga a M6 ndi otalikirana 1.0 mm, a 1/4-20 ndi otalikirana 1.27 mm. Bawutiyo imazungulira kawiri kapena katatu bwinobwino, kenako n'kuuma, ndipo wogwira sipanala akaikakamiza imadula mazinga ake pamwamba pa akale. Mabowo awiri amenewo muwayang'anitsitse ndi tochi. Lowetsanimo 1/4-20 yatsopano ndi zala zokha: ikamagwedera kapena kuima panjira, bowolo likufunika kukonzedwa kaye.

Chisale_V8:
Za Grade 8 ndiyankhe mwachindunji kuti sakufunika. Tiyeni tiwerengere. Mabawuti a 1/4 aja buku lokonzera injiniyi limati amangidwe ndi mphamvu yozungulitsira ya 80 in-lb, imene ndi pafupifupi 9 Nm. Pa mazinga ouma, 9 Nm pa bawuti yonenepa choncho imakanikiza ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 700. Grade 5 ya 1/4-20 imapirira makilogalamu opitirira 1,200 isanayambe kutamuka kosabwerera. Malo otsala ndi ambiri. Chimene chimayamba kugonja pa sampu si bawuti ayi, ndi gasiketi, kenako mlomo wa sampuyo.

Grade 5 mumaizindikira ndi timizere titatu pamutu, Grade 8 timizere sikisi. Yopanda chizindikiro chilichonse ndi Grade 2 kapena yosadziwika, imeneyo isiyeni, mutu wake umadyeka msanga ndipo mazinga ake nthawi zina amakhala osalongosoka. Kwa a injini za metric monga Datsun ndi Toyota, 8.8 ndiye mnzake wa Grade 5, ndipo ndi yokwanira.

Grade 8 siipitsa kanthu payokha. Vuto ndi loti munthu akaona timizere sikisi amalimba mtima n'kukoka kwambiri, ndipo pakachitika ngozi, mazinga a m'buloko ndiwo amatha bawuti ili bwinobwino. Kuli bwino ionongeke bawuti imene mungasinthe kusiyana ndi bowo la m'buloko.

NaMbewe:
Ndikugwirizana ndi a Chisale, koma ndikufuna tikhazikike pang'ono pa mutu wa bawuti, chifukwa pa sampu yopyapyala mutu ndi wofunika kuposa grade.

Tembenuzani sampuyo, muyang'ane mlomo wake mbali imene imakhudza gasiketi. Yendetsani chala pa bowo lililonse. Pa sampu zambiri za zaka 50 mupeza kuti bowo lililonse latukuka ngati kachulu, chifukwa mutu wa bawuti unakankhira chitsulocho m'gasiketi pamene ankamanga mopitirira muyeso. Mukaimanga ili choncho, tizulu timeneti ndi timene timayamba kugunda, timafinya gasiketi mpaka kuidula pa bowopo, pamene pakati pa bawuti ndi bawuti gasiketi sinagwidwe n'komwe. Oyilo amadutsa pakatipo. Ndiye munthu amaona kudontha n'kuwonjezera kumanga, kachulu kaja n'kukula, kudontha n'kuchuluka.

Kukonza kwake: ikani mlomowo pa chitsulo chathyathyathya kapena m'mphepete mwa thabwa lolimba, kachulu kayang'ane kumwamba. Ikani mbali yobulungira ya hamala ya ball-peen pa bowolo, n'kumenya pang'onopang'ono ndi hamala yofewa ya mkuwa kapena ya pulasitiki. Musamenyanitse mahamala awiri achitsulo cholimba, amatha kuthetheka tizidutswa n'kulowa m'maso. Bowo libwerere mulingo umodzi ndi mlomo wonse, kapena litsikeko pang'ono kwambiri. Mukatha ikani rula yachitsulo m'litali mwa mlomowo, muone kuwala kumene kukudutsa pansi pake.

Tsono kuti zisabwerezenso, gulani mabawuti a flange, aja okhala ndi chipewa chotambalala pansi pa mutu, kapena mabawuti wamba ndi washala yathyathyathya yolimba. Washala ikhale yoti ikhale pansi bwino m'ngalande ya mlomowo. Ikakula kwambiri imakwera pa mpendero wopindika wa m'mphepete, imakhala mopendekera, ndipo imakanikiza mbali imodzi yokha. Chimene sindingakulangizeni ndi mabawuti a Allen opanda washala. Amaoneka bwino, koma mutu wake ndi waung'ono, mphamvu yonse imagwera pa kamalo kochepa, ndipo tizulu tija timabwerera pa kumanga koyamba komwe.

Kamwendo350:
Zikomo mayi. Nanga spring washer, ija yodulidwa pakati? Ena mwa akalewo anali nayo.

NaMbewe:
Pansi pa spring washer pakhale washala yathyathyathya, apo ayi imakanda penti n'kukumba chitsulo, dzimbiri n'kuyambira pamenepo. Koma musaidalire kwambiri. Ikamangidwa imaphwatalala n'kukhala ngati washala wamba. Mabawuti a sampu nthawi zambiri sakhwepa chifukwa chodzizungulira okha. Amakhwepa chifukwa gasiketi ya cork imaphwa ikatentha, bawuti n'kutsala yopanda chokanikiza. Mankhwala ake ndi kubwereza kumanga, osati washala.

Lungu_Galaja:
Achimwene a Kamwendo, tiuzeni gasiketi imene mukufuna kuika, chifukwa kutalika kwa mabawuti kudalira pamenepo.

Kamwendo350:
Ndikuganiza za ija ya chidutswa chimodzi ya labala yokhala ndi chitsulo mkati, m'malo mwa ya cork ya zidutswa zinayi.

Mazinga:
Ndiye musagule mabawuti poyerekeza ndi akalewo. Gasiketi ya chidutswa chimodzi ndi yokhuthala kuposa cork yofinyika, n'chifukwa chake zina, monga za Fel-Pro, zimabwera ndi mabawuti ake otalikirapo m'bokosi momwemo. Ngati abwera, gwiritsani ntchito amenewo.

Ngati mukusankha nokha, muyeze motere. Phatikizani kukhuthala kwa washala, kwa mlomo wa sampu, ndi kwa gasiketi. Zotsala pa kutalika kwa bawuti ndi zimene zikulowa m'buloko. Pa buloko yachitsulo zolowazo zisachepere kunenepa kwa bawutiyo, ndipo zikafika kamodzi ndi theka ndi bwino kwambiri, ndiye pa 1/4 ndi pakati pa 7 ndi 10 mm. Pa aluminiyamu pamafunika kuwirikiza kawiri, cha m'ma 12 kapena 13 mm. Tinene kuti washala ndi 1.5 mm, mlomo 1.5 mm, cork yofinyika 2 mm. Zonse ndi 5 mm. Bawuti ya 5/8 ya inchi ndi pafupifupi 16 mm, ndiye 11 mm ilowa m'buloko, palibe vuto. Tsopano wina aike sampu ya aluminiyamu yothira, ya mlomo wa 8 mm, ndi gasiketi ya 4 mm. Pamodzi ndi washala ndi 13.5 mm. Bawuti yomwe ija yatsala ndi 2.5 mm, mazinga awiri okha. Ikangomangidwa imazula mazinga awiri oyambirirawo. Pamenepo pakufunika ya inchi imodzi.

Kutalika kopitirira nako n'koopsa, ndipo kumapusitsa. Mabowo ambiri a sampu ndi otsekeka kumapeto. Bawuti ikagunda pansi pa bowo, torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, imalira ngati zonse zili bwino, koma mutu sunakanikize gasiketi. Yesani chonchi: sampu isanaikidwe, lowetsani bawuti iliyonse ndi zala mpaka iime. Yezani mpata wotsala pakati pa mutu ndi buloko. Mpatawo ukhale wochepa ndi 2 mm kapena kuposa poyerekeza ndi washala, mlomo ndi gasiketi yofinyika mukaziphatikiza. Chitani bowo lililonse, musayese limodzi n'kuganiza kuti onse ndi ofanana, chifukwa ena pansi pake pamakhala silikoni yakale youma.

Ndipo mabowowo ayeretsedwe. Gwiritsani thread chaser, chida choyeretsera mazinga, osati tapu yodulira, popeza tapu imachotsa chitsulo ndipo mazinga amatsala ogwedera. Ngati chaser palibe, tengani bawuti ya Grade 8, muicheke tingalande tiwiri kapena titatu m'litali mwa mazinga, ichita ntchito yomweyo. Apa ndiye Grade 8 ili ndi ntchito. Kenako tsukani ndi brake cleaner n'kuuzira mpweya. Injini ikakhala chagada pa sitandi, oyilo amatsikira m'mabowo amenewa, ndipo bawuti ikamangidwa pamwamba pa oyilo wopanda kothawira, mphamvu yake imatha kung'amba mpendero wa buloko, makamaka pa aluminiyamu.

Chisale_V8:
Ine ndikanasankha masitadi. Sitadi imalowa m'buloko kamodzi n'kukhala momwemo, ndipo kumanga ndi kumasula konse kumachitikira pa nati. Pa buloko yakale imene mazinga ake atopa, kumeneko n'kuwasunga. Chachiwiri, gasiketi imakoleka pa masitadi n'kukhala pamalo ake, simulimbana nayo kuti mabowo alunjike. Chachitatu, nkhani yogunda pansi ija imatha, chifukwa nati imakanikiza mpaka pamene mwaifuna.

Kuika kwake n'kosavuta. Mbali ya mazinga akuluakulu, 1/4-20, ndiyo yolowa m'buloko. Mbali ya kunja pa masitadi ambiri imakhala 1/4-28, ndiye manati ake ndi a mazinga ang'onoang'ono, musawasokoneze. Sitadi ilowe ndi zala, mungoitsiriza pang'ono ndi Allen key kapena manati awiri omangirizana. Musaimange ngati bawuti. Kadontho kamodzi ka Loctite ya buluu, 242 kapena 243, kamathandiza kuti isamatuluke pamodzi ndi nati. Yofiira ija, 271, ayi, imafuna moto kuti imasuke.

Lungu_Galaja:
Apa a Chisale ndikutsutsaniko. Zonse mwanenazo n'zoona injini ili pa sitandi. Koma ikakhala m'galimoto, sampu yokhala pa masitadi iyenera kutsika molunjika kutalika konse kwa masitadiwo isanasunthe kwina kulikonse. Pa magalimoto ambiri a Chevrolet a zaka zimenezo crossmember, chitsulo chopingasa cha chesisi, imadutsa pansi pa mbali yakutsogolo ya sampu, mpata ndi wochepa, ndipo sampu imatuluka mochita kuipendeketsa n'kuikokera kumbuyo, nthawi zina mutakweza injini pa ma mounting. Onjezani masitadi otuluka 15 mm kapena 20 mm, sampu imakodwa pakati pa masitadi ndi crossmember. Munthu amayamba kuzula masitadi 18 mmodzimmodzi atagona chagada, ndipo ngati anapaka Loctite ndiye ntchito ya tsiku lonse.

Njira yapakati ilipo. Tengani mabawuti anayi a 1/4-20 aatali cha m'ma 40 mm, dulani mitu, chekani kampata ka sikuludiraiva kumapeto. Alowetseni awiri mbali iliyonse, kolekani gasiketi, kwezani sampu, lowetsani mabawuti enawo, kenako zulani anayi aja n'kuikamo enieni. Mwapeza kulunjika kwa masitadi popanda kudzitsekera njira.

Chisale_V8:
Za crossmember ndavomera, ayeze kaye mpatawo. Koma pa injini imene sampu imatsitsidwa kawirikawiri, monga ya mpikisano, kapena pamene mabowo ali mu aluminiyamu, masitadi ndi abwinobe.

Tembo289:
Pa aluminiyamu pomwepo ndionjezereko za Ford, chifukwa ena owerenga ali ndi 289 kapena 302. Kumeneko mabawuti alipo 22: a 1/4-20 alipo 18, a 5/16-18 anayi. Akutsogolo salowa m'buloko, amalowa mu timing cover, imene ndi ya aluminiyamu. Amenewa ndi amene mazinga ake amatha koyamba. Buku limapereka 7 mpaka 9 ft-lb pa aang'ono, 9 mpaka 11 ft-lb pa aakulu, ndiye cha m'ma 10 mpaka 12 Nm ndi 12 mpaka 15 Nm. Pa a mu aluminiyamu khalani kumunsi kwa manambalawo.

Kamwendo350:
Crossmember ili pafupi ndithu, ndiye ndipita ndi mabawuti. Stainless bwanji?

NaMbewe:
N'zotheka, bola mudziwe zimene mukusinthanitsa. Pansi pa injini pamakhala chinyezi cha oyilo, ndiye mabawuti a sampu sachita dzimbiri kwambiri ngati a ekizozi. Okutidwa ndi zinki amakwana. Ngati mukufuna kuti injini ioneke ngati mmene inatulukira ku fakitale, stainless yonyezimira imaonekeratu kuti si ya nthawi imeneyo.

Mukasankhabe stainless, tengani yolembedwa, monga A2-70 pa metric, kapena ya kampani yodziwika monga ARP. Mphamvu yake pa ntchito imeneyi ndi yokwanira. Vuto lake ndi kulumana kwa mazinga, makamaka nati ya stainless pa sitadi ya stainless: imayenda bwino, mwadzidzidzi n'kugwirana ngati yawotcheredwa, osapita kutsogolo osabwerera. Mu aluminiyamu muli vuto lina, zitsulo ziwirizi zikakumana pali madzi aluminiyamu ndi amene amadyeka, n'kutuluka ufa woyera umene umamanga bawuti. Pa zonse ziwiri pakani anti-seize, girisi woletsa kulumana, pang'ono pa mazinga.

Koma mukapaka anti-seize, nambala ya m'buku yasintha. 9 Nm ija a Chisale anati ndi makilogalamu 700 pa mazinga ouma, pa mazinga oterera imakwera kupitirira 900. Chepetsani ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu, ndiye cha m'ma 7 Nm. Ndipo anti-seize ndi Loctite siziyendera limodzi pa bawuti imodzi.

Gogo_Morris:
Ana anga, mwalongosola bwino za ku America. Ndiikepo za injini za ku Britain, chifukwa kumeneko nkhani ya mazinga ndi yovuta kuposa apa, ndipo wina adzawerenga 1/4-20 n'kukaiika pa Morris.

Mazinga a Whitworth anayamba mu 1841 ndi Joseph Whitworth, ndipo ngodya ya dzino lake ndi madigiri 55. A Unified, UNC ndi UNF, amene America, Britain ndi Canada anagwirizana mu 1949, ngodya yake ndi madigiri 60. Makampani a ku Britain anasintha pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1950, ndiye pa galimoto ya nthawi imeneyo musaganizire, yezani. Pa kota ya inchi pokha pali mitundu inayi: BSW (Whitworth) mazinga 20, UNC mazinga 20, BSF (Whitworth ya mazinga ang'onoang'ono) mazinga 26, UNF mazinga 28. BSW ndi UNC zimalowana chifukwa chiwerengero n'chimodzi, koma mano sagwirana mokwanira. Choopsa kwambiri ndi BSF ndi M6. Mazinga 26 pa inchi ndi 0.98 mm, M6 ndi 1.0 mm. M6 imalowa m'bowo la 1/4 BSF mpaka kutali, yogwedera, ikungogwira nsonga za mano, ndipo mukamanga imazula.

Mutu umathandiza kuzindikira. Wa 1/4 BSF ndi pafupifupi 11.3 mm. Sipanala ya 11 imakana, ya 7/16 imakana pang'ono, ya 12 imaterereka n'kudya makona. Mukaona bawuti imene sipanala zonse zikuikana, ganizirani Whitworth. Ndiye pali injini ya XPAG ya MG TC ndi TD, imene ili ndi mazinga a metric a ku France koma mitu ya Whitworth, chifukwa fakitale ya injini ya Morris ku Coventry poyamba inali ya Hotchkiss. Pamenepo mutu umanena china, mazinga akunena china. Thread gauge ya masamba a inchi ndi a metric ndiyo imathetsa mkangano. Pa MGB zinthu n'zosavuta, ndi 1/4 UNF, ndipo buku limati 6 ft-lb, imene ndi 8 Nm.

Mazinga:
Zikomo agogo. Ndionjeze kuti pa injini zina mabowo ena amabooka mpaka mkati mwa crankcase. Lowetsani kawaya: kakapitirira osagunda pansi, bowo limenelo oyilo amatha kutsikira m'mazinga n'kumadontha pamutu wa bawuti, gasiketi ili yabwinobwino. Pamenepo pakani thread sealant pa mazinga. Volkswagen Beetle ndi chitsanzo chabwino cha maganizo amenewa, ngakhale ilibe sampu yochotsa: chivundikiro cha strainer chimagwidwa ndi masitadi a M6 sikisi, manati otseka pamwamba, ndi mawashala a kopa amene amasinthidwa nthawi iliyonse, kumanga kwake 7 Nm basi. Mukaikapo manati wamba otsegula, oyilo amatsata mazinga n'kutuluka.

Lungu_Galaja:
Tifike pa kumanga. Choyamba, werengani bwino buku: in-lb ndi ft-lb zikusiyana ka 12. 80 in-lb ndi 9 Nm, koma 80 ft-lb ndi 108 Nm, ndipo bawuti ya 1/4 imaduka kalekale musanafikeko. Torque wrench yaikulu ya 1/2 drive singathe ntchito imeneyi, pa manambala aang'ono chonchi siwerenga zoona ndipo kulira kwake sikumveka. Pamafunika yaing'ono ya 1/4 drive. Pa anayi a m'makona a Chevrolet mabuku amapereka pakati pa 16 ndi 19 Nm malinga ndi chaka, tsatirani la injini yanu. Ngati pepala la gasiketi lapereka nambala yake, limenelo ndiye lotsatira.

Lowetsani mabawuti onse 18 ndi zala, lililonse kuzungulira katatu kapena kanayi, musanamange ngakhale limodzi. Mukamanga limodzi msanga, sampu imakhazikika mokhota ndipo omalizira amalowa mopingasa. Kenako afikitseni onse pongogunda. Yambani pakati, mbali iyi kenako mbali inayo, mukupita kumapeto. Ulendo woyamba theka la nambala, wachiwiri nambala yonse, wachitatu kungotsimikiza, chifukwa mukamanga oyandikana nalo, loyamba lija limakhala litakhwepa.

Pa cork maso akhale pa m'mphepete mwa gasiketi. Ikangoyamba kutuzuka pafupi ndi bawuti, lekani, ngakhale wrench isanalire. Ikatuluka ngati lilime ndiye kuti yang'ambika mkati. Injini ikatentha n'kuzizira, bwerezani kumanga pa nambala yomweyo, mupeza ambiri akuyenda kota ya kuzungulira. Ya chidutswa chimodzi imene a Kamwendo asankha ili ndi timphete tachitsulo pa mabowo toletsa kufinya kopitirira, ndiye siphwa ngati cork. Imaikidwa youma, kupatula kadontho ka silikoni ya RTV kokula ngati 5 mm pa makona anayi, pamene timing cover ndi rear main cap zikukumana ndi buloko. Musapake silikoni mlomo wonse. Yotuluka kunja mumaiona, koma yofanana nayo yatulukira mkati, imadzathothoka n'kukatseka sefa ya pickup, paipi yokoka oyilo m'sampu.

Tembo289:
Mabowo awiri a M6 aja akapezeka kuti atha, Helicoil ya 1/4-20, kawaya kopota kolowetsedwa m'bowo kuti kakhale mazinga atsopano, imakonza bwino. Kubowola kwake ndi 17/64 ya inchi, kenako tapu yake yapadera ya m'bokosimo. Kulungani tepi pa dirilo posonyeza kuya kuti musabooleze, ndipo dirilo iime molunjika, kathabwa kobowoledwa kale pa drill press kamathandiza kuilondolera. Kukuza bowo kufika 5/16 kumatheka, koma mudzakuzanso bowo la sampu ndi la gasiketi, ndipo pa gasiketi ya timphete tachitsulo sizitheka.

Bawuti yodukira mkati nthawi zambiri sikhala yolimba, popeza mutu ukachoka mphamvu yokoka yatha. Menyani center punch pakati penipeni, tengani dirilo yozungulira kumanzere ya 3 mm, nthawi zambiri imatuluka yokha mukubowola. Extractor yaing'ono ija samalani nayo, ikathyokera mkati ndi yolimba kuposa dirilo wamba.

NaMbewe:
Musanachotse akale onse, onani ngati pali ena okhala ndi kasitadi pamwamba pa mutu, ogwirira bulaketi ya mapaipi a transmission cooler kapena waya. Lembani malo ake pa katoni yobowola mabowo 18. Bulaketi ikalowa pansi pa mutu wa bawuti wamba, kukhuthala kwake kukulandani mazinga awiri.

Komanso gasiketi yokhuthala imatsitsa sampu, ndiye mpata wa pakati pa pickup ndi pansi pa sampu ukula. Uyenera kukhala cha m'ma 6 mpaka 10 mm. Ikani kambulu ka plasticine pa pickup mutakuta sefa ndi pulasitiki, mangani sampu ndi gasiketi pa mabawuti ochepa, tsitsani, yezani kukhuthala kwa plasticine.

Kamwendo350:
Zamveka. Nditenga a flange a Grade 5 okutidwa zinki ngati gasiketi sibwera ndi ake, ndiwongola mlomo kaye, ndipo mabowo awiri aja ndiwayesa. Chatsala chimodzi: m'ndandanda wa magasiketi a 350 ndikuona mitundu ingapo. Ndi iti ya 1972?

Mazinga:
Pali zinthu zitatu zoyang'ana. Rear main seal, seal ya oyilo ya kumbuyo kwa injini: kuyambira 1986 ndi ya chidutswa chimodzi ndipo sampu yake ndi ina, yanu ndi ya zidutswa ziwiri. Dipstick: mpaka 1979 ili kumanzere mukakhala pa mpando kuyang'ana kutsogolo, kuyambira 1980 inapita kumanja. Chachitatu ndi chimene chimagwetsa ambiri, seal yakutsogolo pansi pa timing cover. Isanafike 1975 inali yopyapyala, kuyambira 1975 yokhuthala. Ya 1972 iyenera kukhala yopyapyala, koma popeza mabawuti ake ndi osakanikirana, sampuyo mwina inasinthidwapo, ndiye musadalire chaka. Ikani rula yopingasa pa milomo iwiri kutsogolo kwa sampu, muyeze kuchokera pa rula kufika pansi penipeni pa chigwa chokhalamo seal. Mainchi 2 ndi 1/4, pafupifupi 57 mm, ndi ya seal yopyapyala. Mainchi 2 ndi 3/8, pafupifupi 60 mm, ndi ya yokhuthala. Yopyapyala pa sampu ya yokhuthala imasiya mpata wa 3 mm umene bawuti iliyonse singatseke. Yokhuthala pa sampu ya yopyapyala imaimika sampu m'mwamba, mabawuti a 5/16 akutsogolo aja n'kupinda makona a mlomo pofuna kuikokera pansi. Magasiketi ambiri a chidutswa chimodzi amapangidwira yokhuthala, ndiye yezani kaye musanaitanitse.